A Pampu ndi Mapini Makumi Anayi

Inali sikisi koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kozizira. Padenga la nyumba ina yosanja kanayi, bambo wa zaka makumi asanu anatsegula chivundikiro cha thanki ya madzi n'kusuzumiramo, monga ankachitira m'mawa uliwonse kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sanaone kanthu. Kunja kunali kutayera ndithu, koma maso ake anali atatha.

Inu amene mukuwerenga, mwina pali chinthu chimene kale munkachita osaganiza n'komwe, ndipo lero chikukukanikani. Nkhaniyi ndakulemberani inuyo. Ndiifotokoza mmene inayendera, osaikometsera.

Anthu a m'nyumbamo ankangowatchula bambowa kuti a Pampu. Madzi a mumzinda ankabwera mofooka, ankangogwera m'chitsime cha simenti kuseri kwa nyumba. Kuti afike m'zipinda, pankafunika pampu yowakankhira ku thanki ya padenga. Ukaiyatsa chitsime chili chouma, pampu imapsa. Ukachedwa kuizimitsa, thanki imasefukira. Choncho ntchito ya a Pampu inali ya maso ndi miyendo: kusuzumira pansi, kukwera masitepe onse ndi makwerero achitsulo, kusuzumira pamwamba, kutsikanso, kasanu pa tsiku. Chifukwa cha ntchitoyo anapatsidwa kachipinda ka pansi pa masitepe, mmene ankakhala ndi akazi awo, amene ankachapira anthu a m'nyumbamo zovala.

Matenda a shuga anawadya maso pang'onopang'ono. Sanauze munthu kupatula akazi awo. Anaphunzira kuyeza madzi ndi mtengo wa tsache: ankaulowetsa m'thanki, n'kupapasa ndi dzanja pamene panyowa.

M'mawa umenewo makwerero anali oterera. Potsika pa thanki anaphonya chopondera chomaliza, n'kugwa chagada pa simenti ya padenga. Sanathyoke paliponse, koma makiyi anawapulumuka. Anayamba kukwawa, akupapasa m'madzi a mvula. Sanadziwe kuti alandilodi, mayi mwini nyumbayo, anali atalawirira kudzaona pamene denga linkadontha, ndipo anali ataima pakhomo akuwayang'ana.

"A Pampu, makiyi ali pamphuno panupo."

A Pampu anasiya kupapasa, ali chigwadire.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Chaka chatha, mayi."

"Chaka! Mwakhala mukukwera kuno chaka chathunthu osaona? Mukanagwera kumsewu uko, akazi anu ndikanawauza kuti chiyani?"

Alandilodi sanali munthu wankhanza, koma anali ndi mabanja makumi awiri ofuna madzi tsiku ndi tsiku. Anatola makiyi, n'kuwaika m'dzanja la a Pampu.

"Ndikukupatsani miyezi itatu mupeze kolowera. Kachipindako ndi ka munthu wa pampu, ndipo munthu wa pampu ayenera kuona. Kuyambira lero padenga pano musapondenso."

Ndiye amene anayamba kukwera ndi akazi awo, ndi mawondo awo otupa. Ankabwerako akupumira m'mwamba.

"Abambo, mawondo angawa sagulitsa sipeya kumsika," ankatero, kenako n'kubwerera ku mabeseni awo.

Kawiri pa sabata yoyamba madzi anatha m'zipinda. Tsiku lachiwirilo kunatsika mayi wina wa m'nyumba yachitatu, atakulunga thaulo kumutu. Ankagwira ntchito yolumikiza makompyuta m'maofesi, ndipo onse ankamutcha a Injiniya. Pakamwa pawo panalibe chotsekera.

"A Pampu! Mukufuna ndikalowe mu ofesi ya anthu ndi thovu m'makutu?"

A Pampu anapepesa atatembenukira kukhoma, kumene kunalibe munthu. A Injiniya anaona, ndipo anamvetsa. Sananene mawu achisoni. Anakhala pa sitepe n'kufunsa nkhani yonse, mpaka ya miyezi itatu ija.

"Musanakhale a Pampu, munali ndani?"

"Ndinkalumikiza magetsi m'nyumba zatsopano."

"Manjawo akugwirabe?"

"Manja alibe vuto."

Loweruka masana a Injiniya anabwera ndi kanthu kokula ngati sopo wosambira, n'kukaika m'manja mwa a Pampu. Kanali kakompyuta kopanda chikuto, kopanda galasi. A Pampu anakatembenuza, chala chawo n'kufika m'mphepete pamene panali tizitsulo tosongoka ngati mano a chipeso. Anawerenga ndi chikhadabo. Mizere iwiri, uliwonse makumi awiri.

"Amenewo ndi mapini," anatero a Injiniya. "Ena ndi a magetsi basi, amenewo muziwaopa. Koma ambiri amamvera zimene mwalemba. Mukalemba kuti pini yakuti itulutse magetsi, imatulutsa. Mukati ileke, imaleka. Imathanso kumva ngati waya womangidwa pa iyo walumikizika kapena waduka."

"Ndiye kuti ndi maswichi."

"Maswichi omvera kalata. Ndipo kakompyutaka kamatha kusunga tsamba ngati la pa intaneti, lokhala ndi mabatani. Tsambalo mumalitsegula pa foni, foni n'kukuwerengerani mokweza. Mukadina batani muli pabedi, pini imayankha kuno."

A Pampu anakhala nthawi yaitali chala chili pa mapini aja.

"Pini imodzi ikhoza kundiuza ngati thanki yadzaza?"

"Ikhoza. Koma mvetsetsani, ine sindikupangirani. Ndikapanga ine, tsiku limene chidzafe mudzandisaka ndili kutali. Mupanga nokha. Ine ndizibwera Loweruka kudzakukalipirani."

Munthu amene anali asanagwirepo kompyuta chibadwire anayamba kuphunzira malo a zilembo pa kiyibodi, poyambira pa ziwiri zimene zili ndi titotupa. Chilichonse chimene ankalemba, mawu achikazi ochokera m'kasipika ankachiwerenga, mpaka madontho ndi mipata yomwe. Dontho limodzi likasowa, zonse zinkakana, ndipo ankayenera kumvetsera mzere uliwonse kuchokera pamwamba kuti alipeze. Akazi awo mawu ajawa anawatcha mkazi mnzawo.

"Mkazi mnzanga uja wakudzudzulaninso? Ine ndikakuuzani kawiri mumakwiya. Iyeyu akukuuzani ka makumi atatu, inu phee."

Patatha mwezi, tsamba loyamba linatheka. Linali ndi batani limodzi, loyatsa kababu kakang'ono ngati njere ya mpunga. A Pampu anawerenga ndi chikhadabo mpaka pini ya nambala 11, anamangapo waya, analembanso 11 m'malangizo. Anadina.

"Amayi, kayaka?"

"Ayi."

Anadinanso. "Nanga pano?"

"Ayi ndithu."

Zinatero masiku asanu ndi atatu. A Injiniya anali atatumidwa kutali ndi ntchito. Akazi awo anafika potopa.

"Abambo, ndili ndi zovala za anthu zonyika. Sindingakhalire kuyang'ana kababu kakufa ngati ndikudikira maliro."

Pamenepo a Pampu anaona kuti akudzivutitsa ndi chinthu cha anthu openya. Anachotsa kababu, n'kuikapo kabelu kamene anagulula m'wotchi yakale. Kenako anayamba kusuntha waya pini ndi pini, akudumpha mapini a magetsi aja, akudina batani paliponse. Khumi ndi ziwiri, zii. Khumi ndi zitatu, zii. Atafika pa ya nambala 23, anadina, ndipo kabelu kanalira.

Anachotsa chala pa foni. Anadinanso, kanaleka. Anatenga foni, anatuluka m'kachipinda, anapapasa khoma mpaka kuseri kumene akazi awo ankachapa. Ali konko anadina. Kabelu kanalira m'chipinda chopanda munthu.

Akazi awo anaimirira, manja ali thovu lokhalokha. Kenako anati, "Tadinaninso."

A Injiniya atabwera n'kumva, anadzimenya pachipumi. Anali ataiwala kunena kuti pini iliyonse ili ndi nambala ziwiri: ya pamene yakhala pamzere, ndi ina imene kompyuta imaidziwa nayo mkati mwake. Imene chala chimati 23, kompyuta imati 11.

"Ngati mkazi wapabanja," anatero a Pampu. "Dzina la kwawo, ndi la kwa mwamuna."

Akazi awo anawasokera mapu a mapini pa kansalu kolimba, nambala iliyonse ili ndi mfundo zake za ulusi, kuti aziwerenga ndi chala.

Mwezi wachiwiri unathera pa ntchito yeniyeni. M'thanki anaikamo zoyandama ziwiri, china pansi china pamwamba, ndipo m'chitsime anaikamo chimodzi. Choyandama ndi kabotolo kokhala ndi swichi mkati: madzi akakanyamula, swichi imatseka. Amene anakwera kukazimanga ndi akazi awo ndi a Injiniya, a Pampu akulamula pa foni ali pansi. Waya anatsika motsatira paipi mpaka pa mapini. Poti kakompyuta kalibe mphamvu zoyendetsa pampu, pakati anaikapo kachipangizo kotchedwa rile, kamene kamalandira magetsi ochepa a pini n'kukankha swichi yaikulu. Kakagwira ntchito kamalira kuti tha.

Tsamba latsopano linali ndi mizere itatu ndi mabatani awiri. Chitsime chili ndi madzi. Thanki yatsika. Pampu yazima. Yatsa. Zimitsa. Kwa masiku asanu ndi anayi madzi sanathe m'chipinda chilichonse, ndipo akazi awo sanakwere sitepe ndi imodzi yomwe.

Tsiku lakhumi a Pampu anali ndi tsiku lawo kuchipatala. Asananyamuke anamvetsera tsamba: thanki yadzaza, pampu yazima. Ali kumeneko magetsi a kunyumba anathima kwa kanthawi, n'kuyakanso. Pobwerako masana anamva madzi asanafike n'komwe pageti. Ankatsika pa masitepe ngati mtsinje. Pampu inali ikulira. Madziwo anali atalowa m'sitolo ya nsalu ya alandilodi imene inali pansi, ndipo anthu anali kalikiliki kutulutsa mipukutu yonyowa.

A Pampu anathamangira pa swichi yaikulu n'kuigwetsa ndi dzanja. Alandilodi anali pomwepo.

"Ndinakumverani chisoni, inu mwandibwezera chigumula! Zidole zanuzo muchotse lero lomwe. Kwatsala masabata awiri, muyambe kumanga katundu."

Madzulo a Injiniya anayang'ana pa tsamba. Linkanenabe kuti pampu yazima, ndipo silinasonyeze kuti wina anadina batani. Anapukusa mutu.

"Mwina rile ndi yakufa. Kapena, musakhumudwe, mwina munadina foni ili m'thumba musanatuluke pageti."

Mawu amenewo anawapweteka a Pampu kuposa a alandilodi, chifukwa analibe njira yowatsutsira.

M'mawa mwake akazi awo anayamba kufunafuna makatoni. A Pampu anamasula waya wa pampu, koma zina zonse anazisiya. Anakhala pampando pafupi ndi kakompyuta, n'kuganiza: chachilendo chokha chimene anthu a m'nyumbamo ankati chinachitika dzulo ndi choti magetsi anathima. Anazula pulagi ya kakompyutako. Anawerenga mpaka khumi. Anailowetsanso.

Tha.

Anazulanso, analowetsanso. Tha. Kulirako kunkabwera nthawi yomweyo magetsi akangolowa, pamene kakompyuta kankatenga pafupifupi theka la mphindi kuti kadzuke n'kuyamba kuwerenga malangizo. Anabwereza maulendo makumi awiri. Kenako anatuma akazi awo kukaitana a Injiniya asanapite kuntchito.

"Khalani apa. Foniyo ikani pansi. Tsekani maso."

"A Pampu, ndachedwa kale."

"Tsekani maso, mayi."

A Pampu analowetsa pulagi. Tha.

"Mwamva? Kompyuta ikadali m'tulo, pini ilibe woilamula, ndiye rile ikungodziyatsa yokha. Ikadzuka, palibe pamene ndinailembera kuti iyambe yazimitsa. Tsamba likunena zimene likukumbukira, osati zimene zikuchitika."

A Injiniya anatsegula maso, anayang'ana foni imene inkati pampu yazima, anayang'ananso rile.

"Zaka khumi ndili pa ntchito imeneyi," anatero motsitsa mawu, "ndimangokhulupirira zolembedwa pa galasi. Pepani ndi zimene ndinanena dzulo zija."

Kukonza kwake kunatenga masiku anayi. A Pampu anaika kachitsulo kakang'ono kogwira pini kuti ikhale yozimitsa mpaka kompyuta itadzuka. Analemba kuti lamulo loyamba pa zonse likhale lozimitsa pampu. Chachitatu sichinachokere kwa a Injiniya kapena pa intaneti, chinachokera ku zaka zawo za magetsi. Anaonjezera choyandama china pamwamba penipeni pa thanki, waya wake n'kumupititsa molunjika ku swichi ya pampu, osadzera pa kompyuta.

"Kompyuta ikadzapenga," anatero, "madzi eni ake adzazimitse."

Panatsala kuwapempha alandilodi. A Pampu anali ndi manyazi. Amene anapita ndi akazi awo, atavala chitenje chawo chabwino.

"Mayi, mwatidziwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Nsalu zanu tinaononga, sitikukana, ndipo ndizichapa ndekha mpaka ziyere. Sindinabwere kudzalira. Ndikupempha ola limodzi Loweruka. Zikakanika, makatoni ndamanga kale."

Alandilodi anawayang'ana nthawi yaitali. "Ola limodzi. Ndipo woyesa ndikhala ine."

Loweruka cha m'ma teni koloko, dzuwa likuswa mtengo, anthu anadzaza pa masitepe. Alandilodi anapita pa bokosi la magetsi a nyumba yonse, anagwetsa swichi, anaikwezanso. Onse anatchera khutu. Kunali zii. Anabwereza kachiwiri, kachitatu. Pampu sinagwedezeke.

Kenako anavula nsapato zawo zazitali, anakwera okha mpaka padenga, anatsegula thanki, n'kuimba foni ya akazi a a Pampu, imene akaziwo anaiika mokweza kuti onse amve.

"Madzi ali pati?"

A Pampu anamvetsera tsamba. "Apitirira choyandama chapansi, mayi. Chapamwamba sanachifike."

"Yatsani."

Chala chinagunda galasi la foni. Tha. Kuseri kwa nyumba pampu inadzuka, paipi inanjenjemera m'khoma, ndipo patapita kanthawi pa foni panamveka madzi akugwera m'thanki, nyumba zinayi pamwamba pa mutu wa munthu amene sankatha kuona ngakhale dzanja lake.

"Tsopano mayi," anatero a Pampu, "ndiipusitsa kompyuta dala. Ndikuzula waya amene amaiuza kuti thanki yadzaza. Foni yangayi nayo ndikuwapatsa akazi anga. Palibe amene azimitse pampuyo. Inu muzingoyang'ana madziwo."

"Mwapenga? Mukufuna zija zichitikenso?"

"Mukaona kuti afika pamlomo, fuulani, ndigwetsa swichi ndi dzanja, ndipo mawa tisamuka."

Inenso ndinali pa masitepepo tsiku limenelo. Ine si munthu wotengeka msanga, koma mphindi zimenezo ndimazikumbukira bwino. Anthu oposa makumi atatu anaima pa masitepe osatsokomola n'komwe. Pankangomveka pampu, ndi mawu a alandilodi pa foni.

"Kwatsala chikhatho chimodzi."

A Pampu anaika dzanja pa swichi yaikulu, koma sanaigwetse.

"Zala zitatu. A Pampu! Zala ziwiri!"

Pampu inaleka.

Bata limene linatsatira linali lalikulu kuposa phokoso lija. Akazi awo anakhala pansi pa sitepe, foni ili m'manja. A Injiniya anatembenukira kukhoma, akunamizira kufuna kanthu m'chikwama. Pa foni panamveka chivundikiro cha thanki chikutsekedwa.

Alandilodi anatsika pang'onopang'ono, nsapato zili m'manja. Anaima patsogolo pa kakompyuta kamene kanali m'kabokosi kapulasitiki kokhomedwa kukhoma, n'kukayang'anitsitsa ngati akuyang'ana khanda.

"Kanthu kakang'ono chonchi," anatero. Kenako anatembenukira kwa akazi a a Pampu. "Makatoni aja mumasule." Atafika pakhomo anacheukira a Pampu. "Nyumba yanga ina ija ya pafupi ndi msika, thanki yake imasefukira sabata iliyonse, chonsecho mlonda wake ali ndi maso awiri abwinobwino. Mukaione Lolemba." Anazindikira mawu amene ananena, n'kugwira pakamwa.

"Ndikaiona, mayi," anayankha a Pampu, ndipo anthu onse anaphulika kuseka.

Lero matanki a nyumba zisanu ndi ziwiri amalankhula pa foni ya a Pampu. Maso awo sanabwerere, ndipo madokotala akuti sadzabwerera. Pali masiku amene amakhala chete, osafuna kulankhula ndi munthu. Sindikufuna kukunamizani kuti khama limabweza chilichonse chimene chinatayika. Pali zina zikapita zapita.

Koma taonani zimene munthuyu anachita. Sanathere miyezi yake itatu akulira maso. Anawerenga zimene zinatsala: zala zodziwa waya, makutu, mkazi wosatopa naye, ndi mnansi wapakamwa. Zinakwana. Ndipo chimene anthu openya anachiphonya, anachipeza iyeyo, chifukwa cha khutu limene khungu linamunolera.

Inunso werengani zimene zakutsalirani. Ngati chimene mukuphunzira chakana masiku asanu ndi atatu, sunthani waya, yesani pini yotsatira. Ngati mwalakwitsa pamaso pa anthu, khalani pansi m'mawa mwake, mumvetsere pamene palakwika. Ndipo ngati muli naye munthu amene amakwera masitepe m'malo mwanu ndi mawondo otupa, muthokozeni lero, akadali pafupi. Mtima wokhawo musautaye, chifukwa zina zonse zimayambira pamenepo.

Tsiku la kuyesa lija, anthu atabalalika, gogo wina wa m'nyumba yachiwiri anasuzumira pa masitepe.

"A Pampu, zamakompyutazo mwamaliza? Mpope wa kubafa kwanga ukudontha kuyambira Lachitatu."

"Ndi kalabala kameneko, agogo, kadyeka. Ndikubwera."

Anapapasa pa msomali, anatenga chikwama cha zida, anagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe, n'kuyamba kukwera.